Mutu wa mwana ulibe sipeya

Amalawife mutu wa khanda timadziwa kuusamala. Mwana akangobadwa, chovala choyamba chimene agogo ake amafunsa ndi chipewa cha ulusi, ndipo amamuveka ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Aliyense womunyamula amachenjezedwa kuti agwirize khosi, asakhudze paliwombo. Koma liwombo likangotseka, mwana ali ndi chaka ndi theka kapena akuyandikira ziwiri, chisamaliro chonsecho chimakhala ngati chathera pomwepo. Mwana yemweyo timamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, kumupanikiza pakati pa woyendetsa ndi mayi ake, mutu uli pambalambanda. Akasinkhukirako timamusiya atenge njinga yakapalasa ya bambo ake, mwendo atalowetsa kunsi kwa chitsulo, n'kumatsetsereka nayo kulowera kumsewu.

Nkhani ya zipewa zoteteza mutu, zimene tonse timangoti mahelemeti, ndakhala ndikuiganizira chiyambire pamene mwana wa achemwali anga anaphunzira kupalasa njinga. Ali ndi zaka 6, amakhala ku Kawale, ndipo ine ndine malume ake. Pofufuza pa intaneti ndinapeza mtundu wina wa helemeti umene unandikoka mtima: yopepuka, yoti ukaivula umaipinda n'kuiponya m'chikwama ngati buku. Maganizo anga ndi akuti chipewa chimenechi chikukhudza vuto lenileni la mu Lilongwe, ngakhale amene anachipanga sankaganiza za ife. Koma njira imene chingatifikire ambirife ndi ya kaunjika, ndipo njira imeneyo ili ndi msampha wake.

Mahelemeti opindika alipodi. Kampani ya Closca ya ku Spain imapanga yoti umaikanikiza pamwamba n'kuphwatalala ngati mbale, pamene ya Morpher ya ku Britain imapindika cham'mbali. Mu 2016 Isis Shiffer, amene anaphunzira luso lokonza zinthu ku Pratt Institute mu mzinda wa New York, anapambana mphoto ya James Dyson Award ndi EcoHelmet, helemeti ya mapepala olukidwa ngati malesa a njuchi. Onsewa ankalimbana ndi vuto limodzi: munthu wa mutauni amene amakwera njinga mwa apo ndi apo sangaswere tsiku lonse atanyamula chigoba chachikulu kumanja, ndiye amangochisiya kunyumba. N'chifukwa chake zambiri mwa zipewazi anapangira akuluakulu opita kuntchito m'mizinda ngati London ndi New York.

Vuto lomwelo ndi la mayi wa ku Chinsapo. Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Unakhala likulu mu 1975, ndipo anaukonza motalikitsa zinthu: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, malo okhala anthu ali apa ndi apo. Minibasi imakusiya pa siteji, ulendo wotsalawo ndi wa kabaza. Si kawirikawiri mayi kudzuka m'mawa atakonzekera kuti lero akwera njinga yamoto ndi mwana. Zimangochitika: mvula yayamba kuwaza, mwana watentha thupi, katundu walemera. Lamulo la pamsewu limati woyendetsa ndi wokwera onse avale helemeti, ndipo wakabaza wosamala amakhala nazo ziwiri, yake ndi ya kasitomala. Zonsezo ndi za mitu ya akuluakulu. Ya mwana ine sindinaionepo pa siteji iliyonse. Chipewa choti chikhale m'chikwama cha mayi pamodzi ndi chitenje ndi buku la kusikelo chingagwire ntchito kuno kuposa kumene chinachokera.

Ana amene ndimawaona atavala mahelemeti mumzinda muno ndi a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, akupalasa tinjinga tawo pa kapinga kapena m'misewu yabata, mlonda ali pageti akuwayang'anira. Makolo awo akuchita bwino, ndipo palibe chowadzudzulira. Chimene chimandiwawa ndi chakuti chipewa chili pamutu umene chiopsezo chake n'chochepa. Mwana wa ku Mtandire, amene amatumidwa kuchigayo pa njinga yopanda mabuleki ndipo amagawana msewu ndi magalimoto a mchenga, alibe kanthu kumutu.

Thupi la mwana lili ndi kapangidwe kake kamene kamaika mutu patsogolo pa ngozi. Kwa khanda, mutu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a msinkhu wake wonse, pamene kwa wamkulu ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Mwana akamagwa amatsogoza mutu, khosi lake n'lofooka, chigaza chake n'chopyapyala. Mkono ukathyoka amaumanga chikhakha, pakapita masabata angapo mwana ali pabwalo akusewera. Ubongo ukavulala, zotsatira zake zingakhale khunyu, kuiwalaiwala kapena kulephera m'kalasi, ndipo pakhomo anthu amangoti mwanayu anasintha. Mu 2023 ku Kamuzu Central Hospital anatsegula chipatala cha LION, chothandiza ovulala mafupa ndi ofunika opaleshoni ya ubongo. Ndi chinthu chonyadira nacho. Komabe dokotala amayamba ntchito yake mutu utamenya kale pansi, pamene chipewa chimagwira ntchito mphindi yomenyayo.

Tsono munthu wa ndalama za mwana wasukulu akafuna helemeti ya mphwake wa zaka 6, amalowera kuti? Kumene timagula zonse: ku Msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene umawoloka pa timilatho tamitengo utalipira kangachepe. Jekete ya intavyu, nsapato za kutchalitchi, chikwama cha laputopu, ambirife tinazipeza kumeneko. Loweruka lina ndinapita, ndipo nditazungulira ndithu ndinapeza timahelemeti titatu ta ana tili pamulu wa zidole ndi zikwama za sukulu.

"Amwene, iyi ndi orijino, yangotuluka m'belo dzulo," anatero wogulitsa, akundipatsa yabuluu. "Taigogodani mumve."

Ndinaigogoda, ndipo inalira bwino ndithu. Kunja inali yonyezimira, yopanda chikang'a n'chimodzi chomwe. Nditamatula kansalu ka m'kati ndinaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kuchokera pachipumi kulowera pakati. Ndinawaonetsa.

"Umenewo ndi mzere chabe, bwana wanga. Chigobachi n'cholimba, ngakhale mutachipondapo."

Achimwenewo sankandinamiza. Ankanena zimene ambirife timakhulupirira, kuti helemeti imateteza chifukwa cholimba. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi thovu louma la m'katimo, la mtundu wa polystyrene, lofanana ndi loyera lija limabwera m'katoni ya wailesi yakanema yatsopano, koma lothithikana kwambiri. Mutu ukamenya pansi, thovulo limaphwanyika pang'onopang'ono, ndipo potero limachedwetsa kuima kwa mutu kuti ubongo usamenyetseke ku chigaza mwamphamvu. Likaphwanyika silibwereranso. Helemeti ya njinga ndi ya ngozi imodzi basi. Chigoba chakunja chikhoza kukhalabe chokongola pamene m'kati ntchito inatha kale.

Apa ndi pamene helemeti imasiyana ndi katundu wina yense wa pa kaunjika. Jekete imaulula mbiri yake: yang'ambika m'khwapa, yathimbirira pakolala, zipi yafa. Umaiona, umanenerera mtengo, umapita nayo kwa telala. Helemeti imabisa. Mwina mwini wake ku Ulaya anangokula n'kuisiya ili bwinobwino, mwina anagwa nayo makolo ake n'kuitaya monga amalangizira opanga. Wogulitsa sangadziwe, ndipo belo silinena. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Yopindika ndiye ili ndi zambiri zoti zife: mahinjesi, timaloko, malo olumikizira. Tsiku limene mahelemeti opindika adzayambe kutuluka m'mabelo, adzatikopa chifukwa chooneka achilendo, ndipo wogula adzafunika maso awiri.

N'kosavuta kunena kuti "gulani yatsopano". Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika mu Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Ngati kaunjika yemweyo wayamba kuthawa anthu, za m'sitolo ndiye n'zosayamba. Helemeti yogwiritsidwapo ntchito imene sinagwepo ndi yabwino kwambiri poyerekeza ndi mutu wopanda kanthu. Chofunika ndi kudziwa kusankha, monga tidziwira kusankha nsapato. Yang'anani m'kati ngati muli kapepala kolembedwa EN 1078, muyezo wa ku Ulaya, kapena CPSC, wa ku America. Ikasowa chizindikiro mwina ndi chidole chabe. Matulani tinsalu tonse, muyang'ane thovulo padzuwa, mulikanikize ndi chala kufuna pamene paphwanyika kapena pang'aluka. Kokani malamba, mumange ndi kumasula kaloko kangapo. Ikhale yokwana: ikhazikike mowongoka, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, ndipo lamba akamangidwa pansi pa chibwano pazilowa chala chimodzi. Yogula kuti "adzakuliramo", monga timachitira ndi yunifolomu, imavuka mwana asanafike pansi.

Pali malire awiri amene chipewa chopepukachi chili nawo, ndipo ndi bwino kuwanena poyera. Oyamba ndi a liwiro. Poyesa helemeti ya muyezo wa EN 1078 amaigwetsa pa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola, lomwe ndi la munthu wogwa pa njinga yakapalasa. Njinga yamoto imathamanga kuposa apo, ndipo mahelemeti ake ali ndi muyezo wawo, UN Regulation 22, umene chizindikiro chake ndi chilembo cha E m'kati mwa kamzere kozungulira, chosokedwa pa lamba. Ndiye yopindika ija yathetsa vuto la kanyamulidwe, koma ya mwana wa pa kabaza yamoto ikufunika yoposa pamenepo. Ku Vietnam, dziko lotentha lodzaza njinga zamoto, anakumana ndi zofanana. Bungwe la AIP Foundation linayamba kugawa mahelemeti kwa ana asukulu mu 2000, kenako linatsegula fakitale ya Protec ku Hanoi yopanga mahelemeti opepuka, olowa mphepo, oyenera nyengo yawo, kuphatikizapo a ana. Mu Disembala 2007 boma lawo linalamula kuti okwera njinga zamoto azivala m'misewu yonse. Chipewa choti munthu angachipirire padzuwa chinayamba kupezeka, lamulo lokhwima linabwera pambuyo.

Malire achiwiri ndi a masewera enieniwo. Si masewera onse ofuna helemeti. Phada, chipako, fulaye, mpira wachikulunga, zimenezi mwana azisewera mutu uli pamphepo. Kugwa n'kudzuka ndi mbali ya kukula. Ndipo pali pamene helemeti imasanduka mdani. Mwana akakwera mumtengo kapena pa zitsulo zokwerapo pabwalo lamasewera ataivala, ikhoza kukodwa panthambi, iye n'kulendewera ndi lamba pakhosi. Zinachitikapo ku mayiko a kumpoto kwa Ulaya, ndipo n'chifukwa chake kuli muyezo wina wa ana aang'ono, EN 1080, umene kaloko kake kamamasuka kokha kakakokedwa mwamphamvu. Ku Sweden kalokoko kamakhala kobiriwira kuti makolo akazindikire. Kwathu kuno, kumene nyengo ya mango ana amaswera m'mitengo, lamulo lake likhale losavuta kuloweza: pa njinga vala, ukatsika vula. Apanso yopindika ili ndi ubwino, chifukwa mwana akaivula ali ndi poiika.

Anzathu a ku MUBAS ndi ku MUST amene akufuna pulojekiti ya chaka chomaliza, nayi ntchito: helemeti ya mwana yopepuka, yolowa mphepo, yosavuta kunyamula, yoti a Malawi Bureau of Standards angaiyese, pa mtengo woti mayi wogulitsa tomato angaufikire. Ife a maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe tili ndi gawo lathu, chifukwa chipewa chabwino chimene mwana akuchita nacho manyazi chimathera pansi pa bedi. Mwana wa achemwali anga anandiuza kuti anzake adzamuseka, adzati akudziyesa mzungu. Anavomera pamene ndinamuonetsa kuti apolisi a pa njinga zamoto nawonso amavala, ndipo palibe amawaseka.

Yabuluu ija ndinaisiya. Sabata yotsatira ndinabwerera ndi kachingwe kamene ndinayezera mutu wa mwanayo, ndipo pa benchi ina ndinapeza yofiira, yosapindika, yokandika kunja koma yathunthu m'kati, chizindikiro chake chikuwerengeka. Ambiri mwa inu mukuyembekeza malipiro oyamba, ndipo mukudziwa kale kuti gawo lina lidzapita kwa ana a achimwene ndi achemwali. Mukadzatsikira ku Tsoka kukawafunira nsapato za Khirisimasi, mudzatengeko kachingwe koyezera mutu, ndipo musadzalipire musanamatule kansalu ka m'kati.