Za Galimoto Munanena Ija

Okondedwa achimwene,

Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa Durban n'kwachinyontho, thukuta siliuma ngakhale usiku. Ndimakasowa kamphepo kotsika ku Chawe kaja.

Mwati ndikugulireni galimoto kuno yoti muzinyamula anthu pakati pa Zomba ndi Songani. Ndailingalira nkhaniyi sabata yonse.

Galaja yomwe ndimagwirako ntchito ili ku Isipingo, pafupi ndi fakitale ya Toyota ya ku Prospecton. M'mawa ndimakumana ndi malole atasenza ma Hilux ndi ma Corolla Cross onyezimira, ena akupita kudoko kukakwera sitima. Madzi osefukira a mu Epulo 2022 anadzaza matope m'fakitalemo, inatsekedwa miyezi ingapo, ndipo anthu ambiri a dera lino anagwira njakata. Anthu kuno amanyadira galimoto zopangidwa kwawo: Polo ya ku Kariega, Ranger ya ku Pretoria, Isuzu ya ku Gqeberha. Boma lawonso sililola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizigulitsidwa kwa nzika wamba. Za ku Japan zimene zimatsikira padoko lino zimangodutsa, ulendo wa kumaiko oyandikana nawo.

Kodi zakuno n'zolimba? Hilux ndi Isuzu ndaziona ndi maso anga, zimapirira. Koma mtengo wake, musanawerengere msonkho wa MRA, sitingaufike. Yomwe ndalama zathu zingakwane ndi Polo yakale, ndipo apa ndi pamene mtima wanga ukukana. Dzulo ndinali kunsi kwa ina, kabawuti kali pakamwa, ndikusintha pampu ya madzi. Bwana anangoimba foni, ola lisanathe mnyamata wa njinga yamoto wabweretsa yatsopano. Ndinadzifunsa ndili chigonere pamenepo: ikanakhala kuti yafera pa Chinamwali, achimwene akanaipeza kuti? Mukanadikira basi ya ku Joni, galimoto ili pamiyala, ngongole ikukula.

Koma Sienta, ngakhale imabwera itayenda kale ku Japan, makaniko aliyense wa mu Zomba amaidziwa ngati khasu lake, masipeya ali mbwee ku Limbe, ndipo imanyamula anthu ambiri kuposa Polo. Vuto lake ndi kufupika. Nthawi ya dzinja musamaipititse m'misewu yokumbika ndi madzi otsika m'phiri, ndipo musamaidzaze ngati mmene ena amachitira.

Ndiye ndalamazo ndikutumizirani kumapeto kwa mwezi, mugule Sienta konko. Mupite ndi makaniko wamkulu uja anakonza galimoto ya malume, akamvetsere giyabokosi injini itatentha, akayang'anenso dzimbiri kunsi. Musalipire asanakwere nayo mtunda wa ku Chawe.

Mayi muwauze kuti bulangete lawo ndagula, libwera ndi mnzanga wa ku Domasi.

Ine mng'ono wanu.