Masamu Amene Anatsata Namondwe wa Freddy



Ife amene tinalemba MSCE pasukulu ino, ndipo tsopano tikuchita kafukufuku kuyunivesite, timamva mawu amodzimodzi tikabwera kutchuthi: "Za kompyutazo si kutayipa basi?" Ena mwa inu mwafika pofooka pa masamu poganiza kuti makinawo adzakuwerengerani. Nkhawa yathu ili pamenepo.

Mukukumbukira mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Namondweyu anabadwira kufupi ndi Australia mu February n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Chenjezo limene tinkamva pawailesi linali ndi masamu kumbuyo kwake. Akatswiri amagawa mlengalenga wonse m'timabokosi tosanjikizana, ndipo kabokosi kalikonse kamakhala ndi manambala a kutentha, chinyezi ndi liwiro la mphepo. Kompyuta imawerengera mmene manambalawo asinthire pakapita mphindi zochepa, n'kubwerezanso, mpaka itafika sabata yamawa. Bungwe la ku Ulaya la ECMWF limachita zimenezi ndi timabokosi ta makilomita pafupifupi 9, pa makina ake amene ali ku Bologna, m'dziko la Italy.

Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, anayesapo ntchito imeneyi ndi pensulo. Zinamutengera pafupifupi milungu isanu ndi umodzi kuwerengera nyengo ya maola asanu ndi limodzi okha, ndipo yankho linatuluka lolakwika. M'buku lake la 1922 anaganizira za holo yaikulu yokhala ndi anthu 64,000, aliyense akuwerengera kachigawo kake ka dziko n'kumapatsira mnzake wapafupi yankho. Kompyuta yamphamvu ya masiku ano, imene amaitcha supercomputer, ndi holo yomweyo: makina zikwizikwi ogawana ntchito imodzi.

Chimene chinatidabwitsa titayamba kuphunzira n'chakuti makinawo sumawaona n'komwe. Ulibe mbewa yodina. Umalowamo uli kutali, kudzera pa intaneti, n'kulemba malamulo a Linux pa sikirini yakuda. Ntchito yako imaima pamzere ngati thumba kuchigayo, kudikira kuti za anzako zithe. Ndipo luso lenileni ndi kugawa ntchito. Taganizani za njerwa. Oumba akachuluka, kuumba kumatha msanga. Koma uvuni ukayatsidwa, ngakhale mudzi wonse utabwera, njerwa zipsa pa nthawi yake. Pulogalamu iliyonse ili ndi uvuni wake, gawo limene siligawika, ndipo Gene Amdahl anafotokoza mu 1967 kuti gawo limenelo ndilo limaika malire a liwiro. Wosadziwa kupeza uvuni m'pulogalamu yake amangowononga magetsi a eni ake, ngakhale atapatsidwa makina chikwi.

Ambirife tinayamba ndi Python, chifukwa imawerengeka mosavuta ndipo ndi yaulere. Kenaka tinakumana ndi Fortran, chiyankhulo cha makompyuta cha mu 1957. Tinkachiyesa nkhalamba yopuma ntchito, koma mapulogalamu ambiri olosera nyengo akuyendabe nacho mpaka lero. Ponseponse tinapezamo zomwe zija za Fomu 3 ndi Fomu 4: ma matrix, ma graph, algebra. Ngakhale dzina lakuti algorithm linachokera kwa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo, wopanda magetsi.

Musaganize kuti izi n'za Azungu okha. Ku Cape Town kuli makina otchedwa Lengau, amene anatsegulidwa mu 2016 ku likulu la CHPC, ndipo ophunzira a ku South Africa anapambana mpikisano wa padziko lonse wolumikiza ndi kuyendetsa makina otere ku Germany mu 2013, 2014 ndi 2016. Anali ophunzira a digiri yoyamba, osasiyana kwambiri msinkhu ndi inu a Fomu 4.

Kwa makolo, pempho lathu n'lakuti mwana akakhala pa kompyuta akulimbana ndi mizere ya manambala, musafulumire kunena kuti akusewera. Mufunseni akuonetseni chimene akuwerengera. Kwa a komiti, sitikupempha makina atsopano. Kompyuta zakale zimene zilipo zikukwanira kuyambira, ndipo Python ikaikidwamo sifunanso bandulo. Chimene chikusowa ndi nthawi. Tikupempha kuti chipinda cha makompyuta chizitsegulidwa ola limodzi ikatha swala ya Asr, kawiri pasabata, atsikana akhale ndi tsiku lawo kuti asamangoima kumbuyo kwa anyamata. Tchuthi chikubwerachi tibwera ndi fulashi, Inshaa Allah, ndipo ntchito yoyamba idzakhala kuwerengera mvula imene yagwa pabwalo la sukulu mwezi wonse.