Nkhalango ya ku Washington Komwe Kudachokera Mankhwala a Khansa

Kumadzulo kwa dziko la Amereka, m'chigawo cha Washington, kuli nkhalango yotchedwa Gifford Pinchot. Ndi malo a mvula yambiri ndi nkhungu. Phiri la Mount St. Helens, lomwe lidaphulika m'chaka cha 1980, lili komweko. Mlendo akafika amangoyang'ana kumwamba, poti mitengo ya kumeneko ndi italiitali zedi. Koma mtengo wa nkhani yathu uli pansi, mumthunzi wa inzake. Dzina lake ndi Pacific yew: waufupi, wokhotakhota, wa khungwa lopyapyala lofiirira, ndipo umakula mochedwa kwambiri. Odula matabwa ankauyesa chinyalala.

M'chaka cha 1962 katswiri wa zomera, a Arthur Barclay, adasenda khungwa lake nalitumiza kukapimidwa. A Monroe Wall ndi a Mansukh Wani, mbadwa ya ku India, adapezamo mankhwala otchedwa paclitaxel, nalengeza kapangidwe kake mu 1971. Mu 1979 mayi Susan Horwitz adaonetsa m'mene amagwirira ntchito: amaumitsa timizati ta m'kati mwa selo, mwakuti selo ya khansa imalephera kugawikana. Boma lidawavomereza mu 1992. Taonani, zaka 30!

Lero madokotala amapereka paclitaxel kudzera m'diripi, pamodzi ndi cisplatin kapena carboplatin, kwa amayi omwe khansa ya khomo la chiberekero yafalikira. Matendawa tikuwadziwa, chifukwa Malawi ali m'gulu la maiko omwe akutaya amayi ambiri nawo. Wina anganene kuti, "Si mtengo basi, bwanji osangowiritsa?" Ayi ndithu. Mankhwalawa ndi ochepetsetsa m'khungwamo, ndiponso sasungunuka bwino m'madzi. Ngakhale oyengedwawo amathothola tsitsi, ndipo nthenda ikafika patali kawirikawiri amangotalikitsa moyo. Mayi wotaya magazi mosayembekezera asachedwe ndi zitsamba. Kupimitsa khomo la chiberekero kuchipatala n'kwa mphindi zochepa, ndipo katemera wa HPV wa atsikana adayamba m'dziko lonse lino mu 2019.

Nanga mtengo uja? Ukasendedwa umauma, ndipo wodwala mmodzi ankafuna mitengo ingapo yakalekale. Anthu adadandaula kuti utha. Mwamwayi akatswiri adapeza njira yopangira mankhwalawa kuchokera ku masamba a yew wa ku Ulaya, kenaka ku maselo a mtengo oleredwa m'mathanki. Osenda makungwa adachokamo m'nkhalango muja.