Besi Ndi Mchere

Ife a ku Ntcheu timakonda zogunda pansi. Pa ngoma ya Angoni a kwa Gomani, amuna akati phazi dii! chifuwa chimanjenjemera usanamve n'komwe mau a nyimbo. Ndiye mnyamata wa kuno akagwira gitala ya besi amafuna imveke mpaka ku Lizulu.

M'ma 1990 ofuna kujambula nyimbo ankakwera basi kupita ku Balaka, ku situdiyo ya Paul Banda, kapena ku Blantyre. Lero laputopu ndi kabokosi kolumikizira gitala zakwana. Inenso ndimajambula makwaya ndi timabandi m'chipinda changa pa boma, cha njerwa, simenti ndi malata. Pempho la anyamata ndi limodzi: "Madala, takwezaniko besiyo." Ndimakana, ndipo ena amachoka atakwinya nkhope.

Chifukwa chake nachi, abale. Nsambo yaikulu ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, amati 41 Hz. Funde la mau otere limatalika mamita 8. M'chipinda cha mamita 4 limagunda khoma n'kubwerera, kotero kuti m'makona limachita kubuula pamene pakati pa chipinda limazimirira. Tsono wojambula amene wakhala pakatipo amaganiza kuti besi yachepa, n'kuonjezera. Nyimboyo akaiika m'minibasi ya ku Dedza, zitseko zimangoti phwerere, mau a woimba osamveka.

Mankhwala ake ngosavuta. Besi ndimailumikiza ndi waya molunjika, osati kuitola ndi maikolofoni pa sipika, kuti chipinda chisalowemo. Pa EQ ndimadula zonse za pansi pa 40 Hz, poti kumeneko kuli chinkokomo chodya mphamvu ya sipika basi. Pakati pa 200 ndi 300 Hz, pamene pamakhala matope, ndimatsitsa ndi 3 dB. Kiyibodi ndi mau a oimba ndimazichotsanso za pansi, kuti zisamalimbirane malo ndi besi. Kenaka ndimakweza pang'ono cha pa 800 Hz, pamene pamamveka chala chikukhudza nsambo. Foni ndi kawailesi ka mabatire sizitulutsa 41 Hz. Chimene khutu limagwira n'kachalako, ndipo ubongo umadzaza zotsalazo wokha.

Wina anganene kuti zimenezi n'zamasewera. Ayi ndithu. Pali mnyamata amene amabwera ndi ndalama za kachewere wa ku Tsangano, thukuta la chaka chathunthu, kuti ajambule nyimbo zitatu. Zikatuluka zamatope, a wailesi saziika, ndipo kachewereyo wapita. Komanso Chichewa chathuchi chimadalira kukweza ndi kutsitsa liu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi. Chimasiyanitsa ndi khutu. Ukakwirira woimba, wakwirira uthenga.

Taonani Yobu Maligwa wa Madalitso Band. Babatoni yake ili ndi nsambo imodzi yokha, koma kulira kwake kulikonse kumamveka pakokha, ndipo wafika nayo mpaka ku Ulaya.

Anyamata akaumirira, ndimawafunsa amene anadyapo ndiwo n'kuyamikira mchere. Ukasowa, aliyense amadandaula. Ukachuluka, mbale imabwerera yodzaza. Kenaka ndimawapatsa foni, ndi kuti, "Pita panja ukamvere, ubwere undiuze mau a vesi yachiwiri." Akabwera akuwatchula onse, ntchito yatha.