Ndimayeza kuyenda kwa phiri

Ndikauza munthu kuti ntchito yanga ndi yoyeza phiri, amaganiza kuti ndimayeza kutalika kwake. Chimene ndimayeza ndi kuyenda kwake. Mtsetse umene uli pamwamba pa damu limene timayang'anira umasendera kumadzi pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso, ndipo ine ndi anzanga tilipo kuti tidziwe msanga ukayamba kufulumira.

Pa mtsetse wonsewo tinaumba zipilala za konkire zolekeza m'chiuno, chilichonse ndi nambala yake. Pamwamba pa chipilala timamangirira prism, kagalasi kobweza kuwala. Tsidya lina la madzi, pathanthwe losasuntha, timaimika makina a total station amene amalozetsa kuwala pa kagalasi kaja ndi kutiuza mtunda wake mpaka pa milimita. Timalawirira dzuwa lisanakwere, chifukwa mpweya ukatentha pamwamba pa madzi umapotoza kuwala, makina n'kukupatsa mamilimita abodza.

Koma chipilala chimangonena za pamwamba, pamene nkhani yeniyeni ili pansi. Tili ndi mabowo obooledwa ngati a mjigo, ndipo m'bowo lililonse muli paipi yokhala ndi timizere tinayi mkati mwake. M'timizere timeneti mumayenda timawilo ta inclinometer, chida choyezera kupendekeka kwa paipiyo. Ndimaitsitsa ndi chingwe mpaka pansi penipeni, ndimadikira kuti izolowere kuzizira kwa madzi a m'bowo, kenako ndimaikweza theka la mita, kuwerenga, theka lina, kuwerenga, mpaka kutuluka. Ndikatero ndimaitembenuza n'kuyambiranso, kuti zolakwika za chidacho zithetsane zokha. Ntchito imeneyi imapweteketsa msana ndipo wopupuluma saikwanitsa. Paipi ikapindika pa kuya kwakutikwakuti, ndiye kuti pamenepo ndi pamene phiri likutererekera. Kawirikawiri pamakhala kamzere ka dongo kopyapyala, kosapitirira kukula kwa chikhatho, ndipo ndi kameneka kamene kanyamula dothi ndi miyala yonse ya pamwamba.

Chimene chimadzutsa dongo limeneli ndi madzi. Madzi akachuluka m'nthaka amakankha kuchokera mkati, dothi n'kuleka kugwirana. N'chifukwa chake m'mapaipi ena, a piezometer, ndimatsitsa tepi imene imalira ikakhudza madzi, ndipo m'mawa uliwonse m'dzinja wina amawerenga choyezera mvula. Mvula ya tsiku limodzi sindiiopa kwambiri. Ndimaopa mvumbi wa sabata yathunthu mu February kapena mu March, nthaka itakhuta kale.

Aliyense wophunzira ntchito imeneyi amauzidwa za Vajont, ku Italy. Kumeneko anamanga damu lotalika mamita 262 m'munsi mwa phiri la Toc. Katswiri wa miyala Edoardo Semenza, mwana wa injiniya yemwe anajambula damulo, anaona kuti mbali ya phirilo inagumukapo kalekale ndipo ingathe kuyendanso. Mu November 1960 chigawo china chinagweradi m'madzi. Zipilala zoyezera zinalipo, anthu ankawerenga, ndipo ankaona kuti madzi akakwera phiri limafulumira, akatsika limachedwa. Anaganiza kuti angathe kuliwongolera potsitsa ndi kukweza madzi. Mu September 1963 linkayenda masentimita angapo pa tsiku, ndipo pofika masiku omaliza linafika pafupifupi masentimita 20 pa tsiku. Usiku wa pa 9 October 1963, dothi ndi miyala zokwana pafupifupi makiyubiki mita 260 miliyoni zinagwera m'damumo m'nthawi yosakwana mphindi imodzi. Funde linalumpha khoma n'kusesa tauni ya Longarone ndi midzi yoyandikana nayo. Anthu pafupifupi 2,000 anafa. Khomalo silinagwe, lidakaimabe mpaka lero.

Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa anthu a ntchito yanga anali atayeza bwino. Manambala analipo m'mabuku. Chimene chinasowa ndi munthu wolamula kuti anthu a kumunsi asamuke. Ndiye ine sindilola kuti zimene ndayeza zigone m'kope. Tsiku lomwelo ndimazijambula pa galafu, chifukwa mamilimita asanu paokha sanena kanthu. Chofunika ndi kuona ngati mtunda umene phiri linkayenda pa mwezi tsopano likuuyenda pa sabata. Ndipo malire oti zikafika apa tichite chakuti tiyenera kugwirizana m'chilimwe mitima ili m'malo, n'kulemba dzina la woimbira foni ndi la wolamula. Mvula ikugwa pakati pa usiku si nthawi yoyamba kukambirana. Ngakhale kutsitsa madzi kumafuna nzeru, chifukwa mukatsitsa mothamanga, madzi amene ali m'nthaka amatsalira m'mwamba pamene a m'damu amene ankachirikiza tsinde la mtsetse achoka, ndipo mtsetse ungagumuke chifukwa cha kutsitsako.

Zida zathu zili ndi malire ake. Zimagwira bwino phiri loyenda pang'onopang'ono. Koma napolo, monga wa ku Phalombe mu 1991 kapena matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu March 2023, amabwera mwadzidzidzi, osapatsa munthu mpata woimika makina. Pamenepo chothandiza ndi kuwerenga mvula ndi maso a anthu. Masiku ano palinso zithunzi za setilaiti za Sentinel-1 zimene zimaonetsa kusuntha kwa nthaka pa dera lalikulu, ndipo ndimaziyamikira, ngakhale pa mtsetse wa mitengo ndi udzu wambiri siziona bwino.

Maso a anthu ndimawadalira kwambiri. Wobusa mbuzi amadziwa mng'alu watsopano sabata isanathe. Mayi wina wokalamba anandiimika panjira n'kunena kuti, "Mwanangu, kasupe uja wa pansi pa mkuyu wauma, koma madzi akutuluka m'munda mwa mlamu wanga, ndipo ndi amatope. Kaoneni." Kasupe wosamuka, mtengo wopendekeka, chitseko chimene chayamba kukanika kutseka, zonsezi ndimazilemba m'buku lomwelo la manambala. N'chifukwa chake ndisanakwere phiri ndimayamba ndadzera kwa amfumu. Amfumu akamvetsa ntchito ya mapaipi aja, ana amaleka kuponyamo timiyala ndipo zotsekera zachitsulo zimaleka kusowa. Kamwala kamodzi kokakamira m'paipi ya inclinometer kangathe kutitayitsa mbiri ya zaka zambiri.

October akafika timasiya kaye makina n'kutenga makasu ndi mafosholo. Timatsegula ngalande zonse za pa mtsetse, timatsuka mapaipi otulutsa madzi m'nthaka, ndipo ming'alu imene tapeza timaiyeza, kuijambula, kenako kuitseka ndi dongo lotsendera kuti mvula yoyamba isalowemo.