Tsiku Limene Ndinadula "Koma" wa Amjomba

Aphunzitsi athu a phunziro la luso la mafilimu atatiuza kuti aliyense akapange trailer pa tchuthi, ambirife tinangoyang'anana. Liwuli tinkalimva kawirikawiri, koma atatifunsa kuti tilimasulire m'Chichewa kalasi yonse inangoti zii. Mtsikana wina wokhala kumbuyo ndiye anatipulumutsa. Iye anati, "Ndi kakanema kolawitsa." Tonse tinaseka, koma aphunzitsi analemba mawuwo pa bolodi. Anati monga momwe mayi wogulitsa mtedza wokazinga amakutapira tinjere titatu kuti ulawe, nakonso kakanema kotere kamangokupatsa pang'ono kuti ulakelake filimu yonse. Anatiuzanso kuti luso limeneli linayambira ku America cha m'ma 1913, ndipo dzina lake la Chingerezi limatanthauza chinthu chotsatira pambuyo, popeza poyamba tiakanema timeneti ankationetsa filimu ikatha.

Malamulo a ntchitoyi anali anayi. Kakanemako kasapitirire masekondi 90, nkhani yake ichokere kwathu, mumveke mawu a munthu weniweni osati wochita sewero, ndipo chiyankhulo chikhale cha konkuno ku Malawi. Filimu yeniyeniyo sitinafunike kuijambula ayi. Ine ndinaona ngati ntchito ya tsiku limodzi.

Kwathu ndi ku Mangochi, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Makawa, pa msewu wopita ku Monkey Bay. Nkhani zoti n'kujambula kwathuko n'zosayamba. Pa Boma pomwe, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali chipilala cha wotchi chomwe chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyo ikadali kutchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti ya sitima yankhondo yomwe inawombera sitima ya Ajeremani mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zonsezi ndinaziganizira, koma mtima unakana. Ine ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya nsomba. Mlongo wawo wa amayi anga, amene ife kwathu timawatchula kuti amjomba, ndiwo anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1, ndipo kobiri lililonse linkachokera m'matchera awo. Ndinali nditaoneranso filimu ya Shemu Joyah ya mu 2012, The Last Fishing Boat, yomwe inandionetsa kuti msodzi wa kwathu angathe kukhala mwini nkhani pa kanema. Choncho ndinasankha nkhani ya kuchepa kwa chambo.

Ndinafika kumudzi mu Julayi 2024 ndi foni yobwereka komanso laputopu yakale. Tsiku loyamba lomwe nyanja inandiphunzitsa ulemu. Imeneyi ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera yomwe imawinduka kwa masiku angapo osapuma. Zithunzi zinkaoneka bwino, koma pomvetsera madzulo ndinangomva phokoso ngati wina akung'amba chinsalu. Mchemwali wanga ndiye anandipatsa nzeru yoveka foni sokosi, ndipo zinathandizadi. Chaka chimenecho madzi a m'nyanja anali atakwera kwambiri, moti mchenga wa padooko pomwe ndinkafuna kuimika amjomba unali pansi pa madzi. Usiku wina wopanda mwezi ndinayesa kujambula nyali za asodzi a usipa, zomwe zimandanda panyanja ngati tauni yoyandama, koma foni inangoonetsa mdima ndi timadontho toyera. Ndinadikira masiku asanu kuti ndipeze m'mawa umodzi wabata. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chovuta kwambiri chinali kuwanyengerera amjomba kuti ayankhule. Iwo ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo ali m'komiti ya padooko. Makomiti amenewa anayamba cha m'ma 1993 ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, chambo chitachepa kwambiri kumeneko, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti asodzi akutsata malamulo a usodzi. Amjomba akhala akudana ndi anthu chifukwa cholanda masikito amene ena amawasandutsa makoka, komanso chifukwa choumirira kuti makoka asalowe m'madzi mu Novembala ndi Disembala pomwe chambo chimaswana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anavomera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, nandiuza kuti ayankhula Chichewa m'malo mwa Chiyao kuti anzanga a kusukulu amve.

Anayankhula kwa mphindi 47. Anafotokoza momwe chambo chachimuna chimakumbira kabwalo kake mumchenga wa m'madzi osaya, ndi momwe chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakula pang'ono. Anati khoka likakokedwa pamalo oterowo limafafaniza mabwalowo, ndipo ukagwira mayi mmodzi wapha mtundu wonse umene unali m'kamwa mwake. Chakumapeto anaika ukonde pansi, nayang'ana kunyanja, n'kunena mawu awa: "Anthu amati nyanja yatha. Koma nyanja siinathe, yangotopa. Munthu wotopa ukamusiya agone amadzuka."

Usiku womwewo ndinayamba kudula ndi kulumikiza zithunzi pa pulogalamu ya CapCut. Apa m'pamene ndinazindikira kuti masekondi 90 ndi malo opanikiza. Foni ija inkajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti ndinali ndi zithunzi 2,700 zokha zoti ndikoperemo munthu wosandidziwa. M'kalasi tinali titaphunzira za Lev Kuleshov, katswiri wa ku Russia wa m'zaka za m'ma 1920, amene anatenga nkhope imodzimodzi ya munthu n'kuiika pafupi ndi mbale ya chakudya, kenako pafupi ndi bokosi la maliro. Oonera anati poyamba munthuyo ali ndi njala, ndipo kachiwiri ali ndi chisoni, chonsecho nkhopeyo siinasinthe. Phunziro lake n'lakuti tanthauzo limabadwa pamene wadula ndi pamene walumikiza. Ine phunziroli ndinalimvetsa bwino, mwinanso mopitirira muyeso.

Mawu a amjomba aja ankatenga masekondi 14, ndipo ndinaona kuti ndi ambiri. Ndinachotsa "Anthu amati" kumayambiriro. Ndinachotsa "koma" ndi zonse zotsatira. Panatsala mawu awiri okha: "Nyanja yatha." Ndinawaika pamwamba pa chithunzi cha bwato lobwera lopanda kanthu, kenako nkhope ya amjomba akuyang'ana kutali, kenako mdima, ndi kulira kwa gitala wa mnzanga wina. Nditaonera, tsitsi linandiimirira. Ndinadziona ngati katswiri. Mosaganiza kawiri ndinatumiza kakanemako pa WhatsApp kwa msuweni wanga kuti andiyamikire, ndipo ndinagona mtima uli mbee.

Patapita masiku awiri ndinasonkhanitsa apabanja madzulo kuti aonere. Tinayala mkeka pakhonde, laputopu ili pampando. Ana anakuwa ataona agalu a pamudzi pa kanema, amayi anaseka ataona mchemwali wanga akuyanika usipa pathandala. Mawu awiri aja atamveka, kuseka konse kunatha. Amjomba anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Mwanangu, mawu anga ena aja wawasiya kuti?"

"Amjomba, nthawi inachepa. Anatipatsa masekondi 90 okha."

"Nthawi ikachepa, munthu amanena zochepa. Sanena zina. Ine ndinati chiyani?"

"Munati nyanja yangotopa."

"Nanga uyu ali m'galasimu akuti chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Apo m'pamene anandiuza zimene zinawachitikira m'mawa wa tsikulo, zomwe iwo sanazimvetse mpaka nthawi imeneyo. Atafika padooko, anyamata ena amene anawalandapo masikito anayamba kuwakuwiza kuti, "Nyanja yatha, akomiti! Mwanena nokha!" Mmodzi anachita kuwauza pamaso kuti ngati nyanja yatha, palibe chifukwa chosungira zotsalazo, aliyense angokokera kwake. Msuweni wanga uja anali atatumiza kakanemako kwa anzake, anzakewo kwa anzawo, mpaka kanafika m'mafoni a padooko. Zimene amjomba anamanga kwa zaka zambiri, zoti nyanja ingathe kuchira anthu akaipumitsa, ine ndinazigwetsa ndi chala chimodzi usiku umodzi. Chopweteka kwambiri n'chakuti ndinazigwetsa ndi pakamwa pawo pomwe.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinayesa kudzitonthoza kuti palibe liwu limene ndinawaikira m'kamwa, pakuti "nyanja" ananena okha, "yatha" ananenanso okha. Koma mtima unkanditsutsa. Kusukulu ya pulayimale tinaloweza kuti "koma" ndi mlumikizi, ndipo tinkangomutenga ngati kachingwe komangira ziganizo ziwiri. Tsiku limenelo ndinaona kuti nthawi zina munthu yense amakhala mwa "koma" wakeyo. Zonse zimene zili kutsogolo kwa "koma" zimakhala za anthu ena, zake zenizeni zimabwera pambuyo. Nawonso mawu akuti "anthu amati" ndi mpanda umene woyankhula amamanga pakati pa iye ndi mphekesera. Ine ndinagwetsa mpandawo n'kuwaveka amjomba malaya a anthu amene iwo ankawatsutsa.

M'mawa kutacha ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza akukonza nkhafi, ndipo ndinakhala pansi monga mwa mwambo. Sanakalipe. Anangoti, "Ukapepese kumene unalakwira. Kuno sunalakwe, unalakwa padooko." Ndinabwerera pa laputopu. Kuti masekondi 14 aja akwane, ndinachotsa chithunzi cha kulowa kwa dzuwa chimene ndinkachinyadira kwambiri, ndinafupikitsa gitala, ndinachotsanso dzina langa lomwe linkakhala pagalasi masekondi asanu athunthu. Bwato lopanda kanthu lija ndinalisiya pomwepo chifukwa nalonso ndi loona, koma pambuyo pa "koma" ndinaika manja a amjomba akusoka ukonde. Munthu amene wataya chiyembekezo sasoka ukonde.

Loweruka madzulo ndinapempha mwini nyumba yoonetsera mpira ndi mafilimu pamsika wathu kuti andipatse mphindi zisanu mpira usanayambe. M'nyumbamo munali modzaza asodzi. Ndinaimirira miyendo ikunjenjemera, n'kunena kuti kakanema kamene kali m'mafoni mwawo ndinakadula ndine, ndipo amjomba sananene zimenezo. Kenako tinaonetsa katsopanoko. Ena anaombera m'manja, ena anaseka, wina anakuwa kuti tiike mpira. Amjomba sanabwere, koma mawa lake anandipatsa chambo chimodzi chachikulu kuti amayi andiphikire ndisananyamuke. Kwa munthu ngati iwo, imeneyo inali kalata yokhululuka.

Titatsegulira sukulu ndinaonetsa tiakanema tonse tiwiri m'kalasi ndi kufotokoza zimene zinachitika. Ndisabise, anzanga ambiri anati koyamba kaja kanali kokoma kuposa kachiwiri, ndipo mwina sanalakwe. Mantha amagulitsa msanga kuposa chiyembekezo. Mkangano unabuka. Ena anati trailer ndi malonda basi, ndipo wamalonda aliyense amaika tomato wonona pamwamba pa mulu. Ena anati kubisa ndi kunama n'zosiyana: ukhoza kusunga mathero a nkhani kuti anthu adzaonere filimu, koma sungatembenuze mawu a munthu wamoyo amene mawa adzadzuke n'kukakumana ndi anansi ake. Aphunzitsi anatikumbutsa za mayi wa mtedza uja. Anati wolawitsa mtedza wabwino n'kukupimira wofumbwa amagulitsa tsiku limodzi lokha.

Kakanema koyamba kaja sindingathe kukafafaniza. Kakadali m'mafoni a anthu amene sindikuwadziwa, ndipo mwina pena pake lero wina akumva nkhalamba ya ku Mangochi ikulengeza kuti nyanja yatha. Chimenechi ndi chipsera changa. Anzanga amene mudzapatsidwe ntchito ngati imeneyi, kaya ndi ya kanema, ya nyuzipepala kapena yomasulira, kumbukirani kuti munthu amene wavomera kuyankhula pamaso pa foni yanu wakubwerekani chinthu chimene sangagule china. Musanadule, mverani chiganizo mpaka pampumiro, ndipo mudzifunse ngati mungalimbe mtima kukhala naye pamkeka umodzi pamene akuonera.

Filimu yeniyeniyo sindinaijambulebe. Pa tchuthi chapitachi amjomba anandifunsa kuti anthu amene ndinawalawitsa aja adzadya liti. Ndinawauza kuti ndikapeza kamera yabwino ndi ndalama. Iwo anaseka, nati ndikadzabwera ndidzabwere mu Novembala, makoka atapachikidwa, kuti ndidzajambule nyanja ili m'tulo.