Majumbo Adandiphera Mbuzi

Amayi anzanga, chaka chatha mbuzi yanga yaikazi idayamba kuwonda, mimba yokha itatupa, mpaka idafa. Abambo akunyumba atayitumbula, tidapeza majumbo atapotana m'chifu. Mbuzi imeneyi ndinkaidalira pa fizi ya mwana.

Majumbo opyapyalawa amachokera kumafakitale, koma owafikitsa pakhomo ndife, tikagula tomato ndi usipa pamsika wa Nathenje. Akatayidwa saola, ndipo ziweto zimawadya pomva fungo la chakudya. Tikamakolezera moto, utsi wake umalowa m'zifuwa za ana athu.

Boma lidawaletsa mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019. Nanga ife tikudikira yani? Pagulu pathu tidapangana kuti popita kumsika tizinyamula dengu. Inunso yambani Loweruka likudzali.